Alendo Osanena Kwao: Kufunafuna Gwero la Cheza Champhamvu cha Kuthambo

Mau Oyamba

Mwa mwambo wathu, mlendo akafika pakhomo timayamba tampatsa pokhala, ndipo akapuma pang'ono timamfunsa kumene wachokera ndi mmene wayendera. Timatero chifukwa munthu timamdziŵira kwao: mudzi wake, mfumu yake, mtundu wa amai ake. Mlendo wokana kunena kwao amasiya eni nyumba ali ndi nkhaŵa. Nkhani imene tifuna kulongosola pano ndi ya alendo a mtundu wotere, amene akhala akufika pa dziko lathu usana ndi usiku kuyambira kalekale, ngakhale anthu adaŵazindikira m'chaka cha 1912 chabe. Alendowo ndi tizidutswa tochepa kuposa atomu, timene timachokera kuthambo pa liŵiro loyandikira liŵiro la kuŵala. M'Chingerezi amati cosmic rays. Ife tizitcha cheza cha kuthambo. Tina mwa tizidutswati timafika ndi mphamvu imene makina aliwonse opangidwa ndi munthu sangaifikire, ndipo funso lakuti timachokera kuti lakhala likusautsa akatswiri kwa zaka zoposa 60.

Wina angafunse kuti nkhani yotere ifuna chiyani pakati pa ansembe ndi aseminale. Tili ndi zifukwa zitatu. Poyamba, m'mbiri yake muli ansembe aŵiri amene adagwira ntchito yotamandika. Kachiŵiri, njira imene akatswiri akutsata, yoyambira pa chinthu chooneka kupita ku chochititsa chosaoneka, ndi njira imene tidaphunzira m'kalasi ya filosofi, ndipo nkwabwino kuiona ikugwira ntchito pa bwalo lina. Kachitatu, kaŵiri konse anthu anzeru ndi okhulupirira adaona m'cheza chimenechi chizindikiro cha chiyambi cha zinthu, ndipo kaŵiri konse adaphonya. Kuphonya kwaoko kuli ndi phunziro kwa ife amene timaima pa guwa.

1. Wansembe pa Nsanja, Mphunzitsi m'Chibaluni

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 akatswiri anali ndi chipangizo choyezera magetsi chimene chinkaŵazunguza. Akachidzaza magetsi ndi kuchitseka bwinobwino, magetsiwo ankatha pang'onopang'ono, ngati madzi a mu mtsuko wong'aluka. Panali chinthu china chosaoneka chimene chinkaloŵa mu mpweya wa m'katimo ndi kutsegulira magetsi njira. Popeza mu 1896 Henri Becquerel anali atapeza kuti miyala ina imatulutsa cheza payokha, ambiri adaganiza kuti chinthucho chimachokera m'nthaka. Ngati zinali choncho, ndiye kuti munthu akakwera kutali ndi nthaka, chezacho chiyenera kuchepa msanga.

Amene adayesa ganizo limeneli mwaluso anali Bambo Theodor Wulf, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti wochokera ku Germany, amene ankaphunzitsa sayansi ku Valkenburg m'dziko la Netherlands. Iye adapanga yekha chipangizo cholondola kuposa zakale, ndipo mu 1910 adakwera nacho pa nsanja ya Eiffel ku Paris, yotalika mamita 300. Adapeza kuti chezacho chidachepa ndithu pamwambapo, koma pang'ono chabe poyerekeza ndi mmene chikadachepera chikadakhala chochokera m'nthaka mokha. Chaka chotsatira, Domenico Pacini wa ku Italy adamiza chipangizo chake m'madzi, napeza kuti pansi pa madzi chezacho chimachepa, ngati kuti madziwo akutchinga chinthu chochokera kumwamba.

Yankho lomveka lidadza ndi Victor Hess wa ku Austria. Pa 7 August 1912 adakwera m'chibaluni mpaka mamita 5,300, kutalika kopitirira kwambiri nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene ili pa mamita 3,002. Poyamba chezacho chidachepa pang'ono, koma kenaka chidayamba kukula, mpaka pamwamba penipeni chinali choposa kaŵiri cha pansi. Hess anali atakwerapo kale usiku, ndiponso pa 17 April chaka chomwecho pamene mwezi udaphimba mbali yaikulu ya dzuŵa, ndipo sadaone kusintha. Motero adatsimikiza kuti chezacho chimaloŵa mu mlengalenga kuchokera kunja, ndi kuti gwero lake lalikulu si dzuŵa. Adalandira mphotho ya Nobel mu 1936. Patangopita zaka ziŵiri, a chipani cha Nazi atalanda Austria, Hess, amene anali Mkatolika ndipo mkazi wake anali Myuda, adachotsedwa ntchito, nathaŵira ku New York, kumene adaphunzitsa pa yunivesite ya Ajezuwiti ya Fordham.

2. Kodi Cheza Chimenechi Nchiyani?

Dzina lakuti cheza limasokeretsa pang'ono, pakuti limatipatsa chithunzi cha kuŵala. Adalipereka ndi Robert Millikan wa ku America cha m'ma 1925, ndipo iyeyo ankakhulupiriradi kuti ndi mtundu wa kuŵala kwamphamvu. Koma mu 1927 Jacob Clay, poyenda pa sitima ya pamadzi pakati pa Java ndi Netherlands, adaona kuti chezacho chimachepa munthu akayandikira pakati pa dziko ndipo chimakula akamapita chakumpoto. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 Arthur Compton adatumiza anthu kukayeza m'maiko ambiri, napeza zomwezo. Tanthauzo lake linali loonekeratu. Dziko lathu lili ngati maginito aakulu, ndipo maginito sakhotetsa kuŵala. Amakhotetsa tizidutswa tokhala ndi magetsi. Lero tikudziŵa kuti pa tizidutswa khumi, pafupifupi tisanu ndi tinai ndi mapulotoni, ndiye kuti mitima ya maatomu a haidirojeni. Tambiri mwa totsalato ndi mitima ya hiliyamu, ndipo toŵerengeka ndi mitima ya maatomu olemera, mpaka chitsulo.

Tizidutswa timeneti sitifika pansi pano monga tidachokera. Kachidutswa kakaloŵa mu mlengalenga, kamagunda mtima wa atomu ya mpweya makilomita ambiri kumwamba, ndipo pa kugundanako pamabadwa tizidutswa tina, timenenso timagunda maatomu ena, mpaka kamodzi kaja kasanduka mvula ya tizidutswa tosaŵerengeka. Adazindikira zimenezi ndi Pierre Auger wa ku France ndi anzake mu 1938 ndi 1939. Ataika zipangizo ziŵiri motalikirana, mpaka mamita 300, pa phiri la Jungfraujoch ku Switzerland, adaona kuti nthaŵi zina zonse ziŵiri zimalira pa kamphindi kamodzi. Poŵerenga kukula kwa mvulayo adatha kudziŵa mphamvu ya kachidutswa koyamba kamene sadakaone.

Tisaganize kuti zimenezi nzakutali ndi ife. Pamene tikuŵerenga mau ano, tizidutswa totchedwa muon, tobadwa m'mvula zoterezi, tikupyoza denga ndi matupi athu. Pa chikhato cha munthu pamadutsa pafupifupi kamodzi pa sekondi iliyonse. Ndiponso cheza chomwechi chimasandutsa naitirojeni wa mu mpweya kukhala kaboni-14, amene amaloŵa m'zomera ndi m'nyama, nayamba kutha pang'onopang'ono chamoyocho chikafa. Pogwiritsa ntchito zimenezi Willard Libby adapeza njira yodziŵira zaka za zinthu zakale, ndipo mu 1950 adayeza nsalu zopezeka pamodzi ndi mipukutu ya ku Qumran. Motero wophunzira Malembo Oyera amapindula ndi alendo ameneŵa ngakhale asakudziŵa.

3. Mphamvu Yodabwitsa

Muyeso wa mphamvu ya tizidutswa umatchedwa electronvolt, mwachidule eV. Kachidutswa ka kuŵala kumene maso athu amaona kali ndi ma eV aŵiri kapena atatu. Makina aakulu koposa othamangitsira tizidutswa, amene ali pansi pa nthaka pafupi ndi Geneva m'ngalande yozungulira ya makilomita 27, mu 2022 adapatsa pulotoni imodzi ma eV pafupifupi 7 otsatidwa ndi maziro 12. Pofuna kupewa kulemba maziro ambiri, akatswiri amalemba 10¹² potanthauza 1 wotsatidwa ndi maziro 12, ndipo ifenso titero.

Mu February 1962, pa malo otchedwa Volcano Ranch ku New Mexico, John Linsley adalemba mvula ya tizidutswa yochokera ku kachidutswa kamodzi ka ma eV 10²⁰. Usiku wa pa 15 October 1991, chipangizo chotchedwa Fly's Eye m'chipululu cha Utah chidaona kena ka ma eV 3.2 × 10²⁰, ndipo mpaka lero palibe kena kodziŵika kamene kadakaposa. Mphamvu imeneyi ndi yoposa ya makina a ku Geneva nthaŵi zopitirira 40 miliyoni. Ikufanana ndi mphamvu ya mwala wa kilogalamu imodzi wogwa kuchokera pa mamita asanu, koma yonseyo itasenzedwa ndi mtima wa atomu imodzi yokha. Ngati kachidutswako kanali pulotoni, ndiye kuti kakadachita mpikisano ndi kuŵala, patapita zaka zoposa 200,000 kuŵalako kukadakhala patsogolo ndi sentimita imodzi chabe. Akatswiri adakatcha Oh-My-God, mau amene Mngerezi amafuula akadzidzimuka, monga ife timanenera kuti Mulungu wanga. Sitiyenera kuyesa dzina limeneli chivomerezo cha chikhulupiriro. Ndi kudabwa chabe, ngakhale tikukumbukira kuti kwa Aristotle kudabwa ndiko chiyambi cha filosofi.

Vuto nlakuti alendo amphamvu chotereŵa ndi osoŵa. Tizidutswa ta mphamvu yochepa timagwa tambirimbiri pa sekondi iliyonse; ta ma eV 10¹⁵ timagwa kamodzi pa chaka pa malo a mita imodzi mbali zonse; koma toposa 10²⁰ sitifika ngakhale kamodzi pa zaka 100 pa malo a kilomita imodzi mbali zonse. Munthu amene sangadikire zaka 100 ayenera kutchera msampha waukulu. Nchifukwa chake maiko ambiri adagwirizana kumanga malo ofufuzira otchedwa dzina la Pierre Auger pafupi ndi Malargüe ku Argentina, amene adamalizidwa mu 2008. Pa chigwa cha masikweya kilomita 3,000, chachikulu kuposa boma lonse la Blantyre, adaikapo matanki oposa 1,600, motalikirana kilomita imodzi ndi theka, lililonse lokhala ndi malita 12,000 a madzi oyera. Tizidutswa tikadutsa m'madzimo timasiya kakuŵala kamene maso a magetsi amakaona. M'mbali mwa chigwacho muli makina oyang'ana kumwamba, amene pa usiku wopanda mwezi amaona mpweya ukuŵala mozimiririka pamene mvula ya tizidutswa ikutsika. Kumpoto kwa dziko, ku Utah, kuli malo ena otere otchedwa Telescope Array, amene adayamba ntchito m'chaka chomwecho ndi zipangizo 507 pa masikweya kilomita 700.

4. Chifukwa Chake Gwero Limabisika

Tikaona nyenyezi timatha kuloza kumene ili, pakuti kuŵala kumayenda molunjika. Cheza cha kuthambo sichitero. Popeza tizidutswati tili ndi magetsi, mphamvu ya maginito imene ili ponseponse mu Mlalang'amba wathu imatikhotetsa, ndipo tambiri timayendayenda zaka mamiliyoni tisanafike kuno. Mbali imene kachidutswa kaloŵera siitiuza kumene kadabadwira, monga mlendo woloŵera kuvuma kwa mudzi angathe kukhala wochokera kuzambwe amene adasokera m'njira.

Pa tizidutswa ta mphamvu yochepa ndi yapakatikati, akatswiri afika pa mfundo yodalirika. Nyenyezi yaikulu ikafika pa mapeto a moyo wake imaphulika, ndipo zotsala zake zimakankha mpweya wa pakati pa nyenyezi ngati funde lalikulu. Mu 1949 Enrico Fermi adalongosola mmene kachidutswa kangapezere mphamvu pogundidwagundidwa ndi mitambo yokhala ndi maginito, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ena adaonetsa kuti pa funde la nyenyezi yophulika kachidutswa kamatha kuoloka fundelo kupita ndi kubwerera nthaŵi zambirimbiri, ulendo uliwonse nkumaonjeza mphamvu. Mu 2013 makina a m'mlengalenga otchedwa dzina la Fermi adapeza chizindikiro cha mapulotoni othamangitsidwa chotere m'zotsala za nyenyezi ziŵiri, IC 443 ndi W44. Kuno ku Africa, m'mapiri a Khomas ku Namibia, kuli makina otchedwa H.E.S.S. pokumbukira Hess, amene mu 2016 adaonetsa kuti pakatikati pa Mlalang'amba wathu pali china chothamangitsa mapulotoni mpaka ma eV 10¹⁵.

Koma kuchokera pa 10¹⁵ kufika pa 10²⁰ pali mtunda wautali: kuchulukitsa nthaŵi 100,000. Mu 1984 Michael Hillas adakumbutsa anzake mfundo yosavuta: chinthu chothamangitsa kachidutswa chiyenera kukasunga m'kati mwake mpaka katakhwima, ndipo kuti chikasunge chiyenera kukhala chachikulu kwambiri kapena cha maginito amphamvu kwambiri. Zotsala za nyenyezi zophulika zimalephera mayeso ameneŵa. Zimene zingakhoze nzoŵerengeka: milalang'amba imene pakati pake pali dzenje lakuda, ndiye kuti chinthu cholemera kotero kuti ngakhale kuŵala sikungathaŵemo, lomeza mpweya ndi kulavula mitsinje ya tizidutswa, milalang'amba yobala nyenyezi mofulumira, kuphulika kwina kwakukulu kochitika mwa kamodzikamodzi, ndi nyenyezi zakufa zozungulira mwaliŵiro.

Palinso malire ena. Mu 1965 Arno Penzias ndi Robert Wilson adapeza kuti thambo lonse ladzaza ndi kuŵala kozizira, kotsala kuchokera pa nthaŵi imene chilengedwe chinali chaching'ono ndi chotentha. Chaka chotsatira Kenneth Greisen ku America, ndiponso Georgiy Zatsepin ndi Vadim Kuzmin ku Soviet Union, adaŵerengera kuti pulotoni yoposa ma eV pafupifupi 5 × 10¹⁹ imagundana ndi kuŵala kumeneku ndi kutaya mphamvu m'njira. Ndiye kuti alendo amphamvu koposa sangachokere kumalekezero a thambo. Kwao kuyenera kukhala m'dera limene kuŵala kumaliyenda pa zaka mamiliyoni mazana oŵerengeka, limene pa muyeso wa chilengedwe chonse ndi pafupi. Mu 2008 zidatsimikizika kuti chiŵerengero cha tizidutswa chimatsika mwadzidzidzi pafupi ndi mphamvu imeneyo.

5. Zimene Zapezeka

Mu 2007 akatswiri a ku Malargüe adalengeza kuti tizidutswa tao tamphamvu koposa tikuoneka kuti tikuchokera mbali za milalang'amba yokhala ndi maenje akuda okangalika. Ambiri adakondwa, koma zaka zitapita ndi tizidutswa titachuluka, mgwirizanowo udafooka, ndipo eni ake omwewo ndiwo adalengeza kufookako. Adapezanso kuti pamene mphamvu ikukwera, tizidutswa tambiri timakhala mitima ya maatomu olemera kuposa pulotoni. Nkhani imeneyi ndi yovuta kwa ofufuza, pakuti mtima wolemera uli ndi magetsi ambiri ndipo umakhotetsedwa kwambiri.

Chipatso cholimba chidadza mu 2017. Ataŵerenga tizidutswa toposa 30,000 ta mphamvu yopitirira ma eV 8 × 10¹⁸, adapeza kuti mbali imodzi ya thambo imatumiza tambiri kuposa mbali inzake, mwa magawo pafupifupi 6 pa 100, ndipo mbali yochulukayo ili kutali ndi pakati pa Mlalang'amba wathu. Uwu ndi umboni wakuti alendowo amachokera kunja kwa Mlalang'amba. Tadziŵa tsono kuti ndi a dziko lina, koma mudzi wao weniweni sunatchulidwe. Pali kadera kena ka thambo la kummwera, m'gulu la nyenyezi la Centaurus, kamene kakuoneka kuti kamatumiza tambiri. Kumeneko kuli mlalang'amba wa Centaurus A, umene kuŵala kwake kumatenga zaka pafupifupi 12 miliyoni kufika kuno, komanso milalang'amba ina yobala nyenyezi mofulumira. Ku Utah adalengeza mu 2014 za kadera kofananako chakufupi ndi gulu la Ursa Major. Zonse ziŵirizi ndi zizindikiro zimene sizinafike pa muyeso umene akatswiri amafuna asananene kuti chinthu chapezeka.

Popeza tizidutswa ta magetsi timasokera, ena adaganiza zofunsa mboni yoyenda molunjika. Kulikonse kumene mapulotoni amathamangitsidwa ndi kugundana, kumabadwanso kachidutswa kotchedwa nyutirino, kopanda magetsi, kamene kamatha kupyoza dziko lonse osakhudza kanthu. Manyutirino oyamba obadwa ndi cheza cha kuthambo adagwidwa mu 1965 m'migodi iŵiri ya golide, wina ku Kolar ku India, wina ku Boksburg pafupi ndi Johannesburg, m'dera limene makolo athu ambiri adakagwirako ntchito. Mu 2010 kudamalizidwa chipangizo cha IceCube kummwera kwenikweni kwa dziko: maso a magetsi 5,160 okwiriridwa m'madzi oundana, pakati pa mamita 1,450 ndi 2,450 kuya kwake. Pa 22 September 2017 chidagwira nyutirino yochokera mbali ya mlalang'amba wa TXS 0506+056, ndipo makina ena atatembenukira komweko adaupeza ukuyaka mwapadera. Mu 2022 adalengezanso za manyutirino ochokera ku NGC 1068. Zimenezi zikusonyeza kuti maenje akuda okangalika amathamangitsa mapulotoni, ngakhale sizikutsimikiza kuti ndiwo amabala tizidutswa ta 10²⁰.

Ndipo pamene zinthu zinkaoneka ngati zikulongosoka, pa 27 May 2021 Telescope Array idagwira kachidutswa ka ma eV 2.4 × 10²⁰, kamene kadalengezedwa mu 2023 ndi kutchedwa Amaterasu, dzina la mulungu wamkazi wa dzuŵa m'chipembedzo cha makolo a ku Japan. Atatsata njira yake chobwerera, idaloza dera la thambo lotchedwa Local Void, limene lili pafupifupi lopanda milalang'amba. Mwina maginito adakakhotetsa kuposa mmene akatswiri amaŵerengera. Mwina kuli gwero limene makina athu sanalione. Mwina pali lamulo la chilengedwe limene silinamveke bwino. Ofufuzawo adatchula njira zonsezi, nasiya funsolo lili lotseguka.

6. Phunziro kwa Ife

Tibwerere tsono kwa anthu aŵiri aja amene adaphonya. Millikan, mwana wa mbusa, ankaphunzitsa kuti cheza cha kuthambo ndi kulira kwa maatomu atsopano pobadwa pakati pa nyenyezi, ndipo ankaona m'menemo umboni wakuti Mlengi akupitiriza ntchito yake ndi kuti chilengedwe sichidzazirala. Atamangirira chiyembekezo chake pa ganizo limeneli, zidamuvuta kulandira miyeso yotsutsana nalo, mpaka adakangana poyera ndi Compton mu December 1932. Compton nayenso anali mwana wa mbusa ndi Mkhristu wodzipereka. Mkanganowo udali pakati pa okhulupirira aŵiri, ndipo udathetsedwa ndi miyeso.

Wachiŵiri ndi Bambo Georges Lemaître, wansembe wa ku Belgium ndi mphunzitsi wa ku Louvain, amene mu 1927 adaonetsa kuti chilengedwe chikufutukuka, ndipo mu 1931 adanena kuti chidayambira pa chinthu chimodzi chothinana chimene chidasweka. Iye ankaganiza kuti cheza cha kuthambo ndicho zotsala za kuswekako. Apa adaphonya, pakuti zotsala zenizeni ndi kuŵala kozizira kuja kwa mu 1965, kumene adamva za kupezeka kwake atatsala pang'ono kumwalira mu 1966. Ndipo nkuŵala komweko kumene kumatchinga njira ya tizidutswa timene iye ankatiyesa zotsalazo. Komabe kuphonya kwa Lemaître sikudagwedeze chikhulupiriro chake, chifukwa sadachimange pa sayansi yake. Pamene Papa Pius XII, pa 22 November 1951, adalankhula ngati kuti sayansi yatsopanoyi ikuchitira umboni mphindi ya kulengedwa kwa dziko, Lemaître sadakondwere nazo, ndipo mu 1958 adanena poyera pamaso pa akatswiri anzake ku Brussels kuti ganizo lake silikakamiza munthu kuvomera kapena kukana Mulungu.

M'menemu anali wophunzira wokhulupirika wa Thomas Aquinas Woyera, amene adaphunzitsa kuti nzeru payokha singatsimikize kuti dziko lidayamba pa nthaŵi ina, ndi kuti kulengedwa kumatanthauza kuti chinthu chilichonse, pa mphindi iliyonse, chimalandira kukhalapo kwake kuchokera kwa Mulungu. Ofufuza a ku Malargüe, monga Thomas, amayambira pa zooneka kufunafuna chochititsa. Koma chimene iwo akufuna ndi chochititsa cha m'gulu la zolengedwa, chokhala ndi malo ake pa thambo, chimene tsiku lina angathe kuchiloza. Namalenga sali m'gulu limenelo. Iye ndiye chifukwa chake pali milalang'amba, maginito, ndi nzeru za munthu zotha kuziyeza. Gwero la Amaterasu likadzapezeka, Mulungu sadzachepa. Likapanda kupezeka, sitidzakhala tapeza umboni watsopano wa kukhalapo kwake. Msonkhano wa Vatican Woyamba mu 1870 udaphunzitsa kuti chikhulupiriro ndi nzeru sizingatsutsane, ndipo Msonkhano Wachiŵiri mu 1965 udavomereza kuti zolengedwa zili ndi malamulo aoao amene munthu ayenera kuŵafufuza ndi njira zoyenera maphunziro aliwonse. Mlaliki amene amaika Mulungu pa mpata uliwonse umene sayansi sinaudzaze amakonzera akhristu ake chokhumudwitsa, pakuti mipata imatsekeka, ndipo mnyamata wa ku sekondale amene adamva ulaliki wotere adzayesa kuti Mulungu watsekeka nayo pamodzi.

Palinso mbali ina imene imatikhudza kwambiri m'maparishi mwathu. Mphezi ikagwa pa nyumba, kapena mwana akamwalira mwadzidzidzi, mtima wa munthu sufuna kukhala wopanda yankho, ndipo kaŵirikaŵiri mpata umene kusadziŵa kwasiya umadzazidwa ndi dzina la munthu. Tikudziŵa za agogo amene adathamangitsidwa m'midzi, ena kuphedwa kumene, chifukwa chotchulidwa ufiti. Kufulumira kutchula mfiti ndi kufulumira kutchula chozizwitsa kuli ndi muzu umodzi, ndiwo kulephera kupirira pamene chochititsa sichinadziŵike. Funso la namfedwa lakuti bwanji zagwera ine ndi funso loona, ndipo sayansi siliyankha. Timaliyankha ndi kukhala naye pa siŵa, ndi Mtanda wa Ambuye, ndi chiyembekezo cha kuuka kwa akufa. Koma funso lakuti mwanayo wafa ndi chiyani lili ndi njira yake yofufuzira, ndipo pamene yankho silinapezeke, wansembe ayenera kukhala woyamba kunena pamaso pa anthu kuti sitinadziŵe, ndi kuletsa kuti wina asasenzetsedwe mlandu chifukwa cha kusadziŵako.

Mau Omaliza

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Kuchokera pa nsanja ya Bambo Wulf mu 1910 kufika pa umboni wa mu 2017 padapita zaka 107, ndipo ambiri amene adayamba ntchitoyi adamwalira asanaone ngakhale yankho la thekali. Adatisiyira chitsanzo cha anthu amene adalengeza poyera pamene chiyembekezo chao cha mu 2007 chidafooka, napitiriza kuyeza. Aseminale athu, amene maŵa adzaŵeruza milandu ya m'mabanja ndi kuyankha mafunso a ana a sukulu, achita bwino kuphunzira khalidwe limeneli pamodzi ndi maphunziro a zaumulungu. M'miyezi ya May ndi June, madzulo kukakhala kopanda mitambo, Mtanda wa Kummwera umaoneka bwino kwathu kuno, ndipo nyenyezi za Centaurus zimauzungulira. Centaurus A saoneka ndi maso okha, koma ali m'dera lomwelo, chakumpoto kwa Mtandawo. Amene adzatuluka panja atatha mapemphero a usiku angathe kuyang'ana kumeneko, akudziŵa kuti mwina ndiko kwao kwa ena mwa alendo athu.